Chitupa chinkapsa, screenshot siipsa

Aliyense amene amakwera minibasi pakati pa Kafue ndi Lusaka amadziwa kuti pa Shimabala galimoto imaima. Kuyambira mu 2017, pamene geti ya msonkho wa pamsewu inatsegulidwa, dalaivala amalipira, amapatsidwa risiti, chitsulo chimakwera, ulendo n'kupitirira. Sizitenga nthawi. Koma kamphindi kameneko kamasiya chizindikiro, chifukwa penapake palembedwa kuti galimoto ya mtundu wakuti yadutsa pa ola lakuti ndipo yalipira ndalama zakuti. Geti imeneyi timaiona ndi maso, ndipo timaidandaula mokweza. Imene sitiiona ndi ija ili m'thumba. Foni imene wagwira mwana wa sukulu wa ku Shimabala, ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound imalemba zambiri kuposa geti ija, ndipo siimitsa munthu kuti azindikire kuti akulembedwa.

Makolo athu ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Ankatanthauza kuti kwa eni uzisiyako mapazi chabe, popeza mapazi amafufutika ndi mphepo ndi mvula, pamene mawu oipa amakulondola mpaka kwanu. Mwambiwu unabadwa m'dziko la fumbi. Lero phazi ndi mlomo zonse zimatsata munthu, ndipo palibe mvula yozifufuta. Tikamakamba za kuphunzitsa ana kusamala mapazi amene amasiya pa intaneti, ambiri amayesa ndi nkhani ya dzulodzuloli, yobwera ndi TikTok. Ife tikuona kuti nkhaniyi ili ndi zaka pafupifupi 100 m'dziko lino, ndipo mwana amene waimva kuchokera pachiyambi savuta kumuuza chifukwa chake ayenera kusamala.

Pepala la m'thumba

Njanji yochokera ku Livingstone inawoloka mtsinje wa Kafue mu 1906. M'mbali mwake munabadwa mafamu a azungu, masiteshoni ndi matauni, ndipo anthu anayamba kubwera kudzafuna ntchito kuchokera kum'mawa, ku Nyasaland, kumadzulo ndi kumpoto. Boma la atsamunda linkafuna manja awo, koma linkafunanso kudziwa kuti aliyense ndi wa kuti, walipira msonkho kapena ayi, ndipo akugwira ntchito kwa yani. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 linakhazikitsa lamulo lakuti mwamuna wachikuda wokhala m'madera a m'mbali mwa njanji azikhala ndi chitupa. Pa pepalalo pankalembedwa dzina lake, mudzi wake ndi mfumu yake, komanso za msonkho ndi za ntchito. Wapolisi ankatha kukuimitsa pamsewu kapena kugogoda pakhomo m'komboni n'kufunsa chitupa. Ukapezeka ulibe, unali mlandu.

Tikachiyang'ana bwino, chitupa chinali mapazi a munthu oikidwa pa pepala. Agogo athu ankadana nacho chifukwa chinkalembedwa ndi ena, pofuna kuthandiza ena, koma ochinyamula anali iwo. N'chifukwa chake mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, pamene UNIP inkalimbana ndi boma la atsamunda, anthu ambiri makamaka ku Northern Province ndi ku Luapula anasonkhanitsa zitupa zawo n'kuzitentha. Kutentha chitupa sikunafafanize dzina la munthu m'mabuku a msonkho. Koma mabukuwo anali a pepala, osungidwa mu ofesi imodzi, odyedwa ndi chiswe, ndipo kuti dzina lipezekemo pankafunika kalaliki wokhala ndi tsiku lonse. Masiku amenewo munthu ankatha kusamuka, kuyamba moyo wina, n'kuiwalika.

Ufulu utabwera, kunabwera reji. Lamulo lake linapangidwa mu 1964, anthu anayamba kuilandira mu 1965, ndipo yoyamba inali ya Kenneth Kaunda. Reji si chitupa. Ndi ya nzika, mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo timaitenga monyadira tikakwanitsa zaka 16. Komabe nayonso imanena zambiri za ife. Manambala awiri a pakati amasonyeza boma limene munthu analembetserako, kaya ndi Chipata kaya ndi Lusaka, ndipo pa khadipo pali mudzi ndi mfumu ngati kale. Kwa zaka zambiri nambala imeneyi inkagona m'chikwama, n'kumatuluka pokavota, ku banki, kapena pofunsira ntchito ku Nitrogen Chemicals ndi ku Kafue Textiles. Tisaiiwale, tikumana nayonso kutsogoloku.

Nyuzipepala nambala 401

Intaneti inalowa m'dziko muno kudzera pa yunivesite ya UNZA. Mu Novembala 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesitepo, inalumikiza Zambia ku intaneti, ndipo tinakhala limodzi mwa mayiko oyambirira kutero kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Oigwiritsa ntchito anali ochepa: aphunzitsi a pa yunivesite, mabungwe, makampani, ndi abale athu okhala kunja amene ankalakalaka nkhani za kwawo. Nyuzipepala ya The Post inayamba kuika nkhani zake pa ZAMNET kuti anthu amenewa aziwerenga.

Pa 5 Febuluwale 1996 The Post inatulutsa nyuzipepala yake nambala 401, yonena kuti boma la Frederick Chiluba likukonza mwachinsinsi referendamu ya malamulo oyendetsera dziko. Pulezidenti analetsa nyuzipepala ya tsikulo, kupezeka nayo kunakhala mlandu, ndipo apolisi anagwira akonzi atatu, Fred M'membe, Bright Mwape ndi Masautso Phiri. Chiletsocho chinakhudzanso ya pa intaneti, moti ZAMNET inaichotsa. Koma wowerenga wina wa ku America anali ataikopera kale mu kompyuta yake, ndipo anaiikanso pa intaneti kumeneko, kumene apolisi a ku Lusaka sakanafika. Nkhani imene boma linafuna kuikwirira inawerengedwa ndi anthu amene mwina sakanaiona n'komwe.

Ambiri amasimba nkhaniyi ngati chipambano cha atolankhani, ndipo n'zoona. Koma ili ndi nkhope ina imene mwana wa Fomu 1 ayenera kuiona. Ngati boma lathunthu, ndi apolisi ake ndi malamulo ake, linalephera kufufuta nyuzipepala ya tsiku limodzi mu 1996, nanga mtsikana wa zaka 14 angafufute bwanji chithunzi chimene chalowa m'gulu la WhatsApp la kalasi yonse? Mphamvu imene inateteza atolankhani aja ndi yomweyo imene imasunga zolakwa zathu. Chinthu chikakopedwa kamodzi, mwini wake salinso mmodzi. M'chaka chomwecho cha 1996, ku America kunakhazikitsidwa Internet Archive, bungwe limene ntchito yake ndi kusunga masamba a pa intaneti monga mmene anaonekera, ngakhale eni ake atawasintha kapena kuwachotsa pambuyo pake.

Chaka cha 2014

Foni za m'manja zinafala pang'onopang'ono. Telecel inadzakhala MTN mu 2005, ndipo Zamcell inasintha mayina kukhala Celtel, kenako Zain, mpaka Airtel mu 2010. M'zaka zimenezo SIM inkagulidwa pamsewu ngati chimanga chootcha. Palibe ankakufunsa dzina, ndipo ukataya nambala n'kugula ina unali ngati wabadwanso. Kenako kunabwera chaka cha 2014, chimene ife timachiona ngati mphambano ya nkhani yonseyi, chifukwa zinthu zitatu zinakumana pamodzi.

Choyamba, kumayambiriro kwa chakacho inatha nthawi imene bungwe la ZICTA linapereka yoti aliyense alembetse SIM yake, ndipo manambala osalembetsa anazimitsidwa. Kuyambira pamenepo nambala ya foni inamangiriridwa ku reji. Nambala ija imene inkagona m'chikwama inadzuka n'kuyamba kuyenda nafe kulikonse: pa foni iliyonse imene timaimba, pa bandulo iliyonse imene timagula, pa ndalama iliyonse imene timatumiza pa ka booth ka mobile money. Kampani ya foni imadziwanso nsanja ya netiweki imene foni yako yalumikizidwako, choncho imadziwa ngati wagona ku Shimabala kapena ku Chawama.

Chachiwiri, pa 31 Julayi 2014 Zambia inakhala dziko loyamba pa dziko lonse lapansi kulandira app ya Internet.org, imene Facebook inabweretsa mogwirizana ndi Airtel. Munthu ankatha kulowa pa Facebook ndi masamba ena ochepa popanda kugula bandulo. Kwa achinyamata ambiri a m'makomboni khomo loyamba lolowera pa intaneti linali limeneli, moti kwa ena Facebook ndiye inali intanetiyo. Koma chaulere chili ndi mtengo wake. Facebook imapeza ndalama potsatsa malonda, ndipo otsatsa amalipira chifukwa kampaniyo imadziwa zaka zathu, kumene timakhala, anzathu, ndi zimene timakonda kuyang'ana anthu akagona. Sitinalipire makwacha, tinalipira mapazi.

Chachitatu, masukulu anayamba kutsatira silabasi yatsopano, ndipo phunziro la Computer Studies linakhala la aliyense kuyambira Giredi 8. Mayeso oyamba a Giredi 9 anachitika mu Novembala 2015, ndipo amene analemba sadzaiwala. Makompyuta anali ochepa, malaiti ankathima chifukwa madzi anachepa ku Kariba, ndipo m'masukulu ena ana anadikira pamzere mpaka usiku kuti afike pa makina. Dziko lonse linakamba za kusowa kwa makompyuta ndi magetsi, ndipo m'pomveka. Koma phokoso limenelo linabisa funso lina. Tinkalimbana kuti mwana akhudzeko kiyibodi ya kusukulu kwa mphindi zochepa, pamene kompyuta yake yeniyeni inali foni, imene masukulu ambiri salola kuti ilowe pageti. Chimene mwana amachita kwa maola ambiri madzulo chinatsala chopanda mphunzitsi.

Pali kanthu kena kamene timakaiwala. Mwana wosakwana zaka 16 alibe reji, choncho SIM yake imakhala m'dzina la amayi ake, la atate ake, la akulu ake kapena la ambuya. Mwanayo akatukwana munthu, akaopseza mnzake, kapena akabwereka foni kwa munthu wachinyengo, mapaziwo amalunjika pakhomo pa mwini reji. Ana ambiri sanauzidwepo zimenezi, ndipo makolo ambiri sanaziganizirepo.

Mwana wa ku Kapiri

Mu Malichi 2020 apolisi anagwira mnyamata wa zaka 15 ku Kapiri Mposhi pomuganizira kuti ananyoza Pulezidenti Edgar Lungu pa Facebook. Akauntiyo inali ndi dzina lopeka, koma apolisi anafikabe pakhomo. Mabungwe oona za ufulu wa anthu, kuphatikizapo Amnesty International, anadzudzula kumanga mwana chifukwa cha mawu. Nthawi imeneyo gawo 69 la Penal Code linkati wonyoza Pulezidenti akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka zitatu. Mu Disembala 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasainira kuchotsedwa kwa gawo limeneli. Lamulo linapita, koma nkhani ya mnyamata uja ikadali pa intaneti mpaka lero.

Malamulo sanaime pamenepo. Mu Malichi 2021 kunabwera Cyber Security and Cyber Crimes Act pamodzi ndi Data Protection Act. Pa 12 Ogasiti chaka chomwecho, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa, ndipo bungwe la Chapter One Foundation linathamangira ku High Court kuti zitsegulidwe. Mu Epulo 2025 lamulo la cyber la 2021 lija linalowedwa m'malo ndi awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Boma likuti cholinga ndi kuthana ndi akuba a pa intaneti ndi ozunza ana. Bungwe la maloya la LAZ ndi mabungwe ena akuti malamulowa akupereka mphamvu yochuluka yomvetsera ndi kuwerenga mauthenga a anthu. Kaya munthu ali mbali iti pa mkanganowu, phunziro la mwana ndi limodzi: m'zaka zisanu chabe malamulo asintha kangapo ndipo boma lasintha kamodzi, koma zimene analemba ali Giredi 8 sizinasinthe. Amalembera anzake a lero, koma odzawerenga ndi anthu a mawa amene sakuwadziwa.

Otsata mapazi

Si boma lokha limene limadziwa kulondola. Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi analowa mwadzidzidzi m'nyumba ina ku Roma mu Lusaka, kumene kampani ya Golden Top Support Services inkagwirira ntchito. Anagwira anthu 77 n'kupeza ma SIM oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali achinyamata a m'dziko muno amene analembedwa ntchito ngati oyankha mafoni, n'kumapatsidwa mawu okonzeratu oti azinyengerera nawo anthu pa WhatsApp ndi Telegram. Mu Juni chaka chomwecho khoti linalamula anthu oposa 20 ochokera ku China kukhala m'ndende zaka 7 mpaka 11.

Wakuba wa mtundu uwu safuna kuthyola chitseko. Amatola zimene tataya tokha: nambala ya foni pa Facebook, baji ya sukulu pa yunifolomu, chithunzi cha zotsatira za mayeso, tsiku lobadwa, dzina la amayi pa positi yowafunira zabwino. Chilichonse pachokha n'chopanda pake. Akaziphatikiza amatha kuimbira kholo n'kunena kuti mwana wadwala kusukulu, tumizani ndalama msanga, ndipo kholo limakhulupirira chifukwa woimbayo akudziwa dzina, kalasi ndi sukulu. Palinso ma app okongoza ndalama amene amapempha chilolezo choona manambala onse a m'foni. Ukachedwa kubweza, uthenga wochititsa manyazi umapita kwa abusa, kwa apongozi ndi kwa anzako a kuntchito.

Chopweteka kuposa zonse ndi zithunzi zachinsinsi, zotumizidwa pa chikondi n'kufalitsidwa pa chidani. Ovulala kwambiri ndi atsikana, ndipo ena amaleka kupita kusukulu chifukwa cha manyazi. Apa tiyenera kunena mosabisa kuti wolakwa wamkulu ndi wofalitsa, ndipo aliyense amene wadina forward walowa nawo mlandu, pakuti malamulo athu amaletsa kusunga ndi kufalitsa zolaula, makamaka za mwana.

Mapazi amawolokanso malire. Mu 2017 yunivesite ya Harvard ku America inalanda malo ophunzira osachepera 10 amene inali itawasankha kale, chifukwa cha zithunzi zachipongwe zimene ankatumizirana m'gulu lobisika la Facebook. Kuyambira mu 2019, pafupifupi aliyense wofunsira viza ya ku America amafunsidwa mayina amene wagwiritsa ntchito pa masamba a mchezo m'zaka zisanu zapitazo. Mwana wa Fomu 3 amene akulota sikolashipu wayamba kale kudzaza fomu imeneyo lero, osadziwa.

Nanga kufufuta n'kosatheka? Mu Meyi 2014 khoti lalikulu la European Union linagamula mlandu wa Mario Costeja González wa ku Spain. Bamboyo ankadandaula kuti munthu akalemba dzina lake pa Google ankapeza chidziwitso cha mu 1998 chonena za kugulitsidwa kwa nyumba yake chifukwa cha ngongole imene anathana nayo kalekale. Khoti linagamula kuti munthu akhoza kupempha Google kuchotsa zotere pa dzina lake. Koma chidziwitsocho chinatsalabe mu nyuzipepala imene inachisindikiza, ndipo dzina lake linatchuka dziko lonse chifukwa cha nkhani yomwe ankafuna kuti iiwalike. Lamulo lathu la Data Protection Act nalonso limatipatsa ufulu wofunsa kampani kapena bungwe zimene likusunga za ife, wokonzetsa zolakwika, ndi wopempha kuti zifufutidwe, ndipo limati za mwana zisatengedwe popanda chilolezo cha kholo kapena womulera. Ufulu umenewu ndi weniweni ndipo tiyenera kuugwiritsa ntchito. Koma umagwira kampani yokhala ndi ofesi ndi adiresi. Sufika pa screenshot imene ili m'foni ya mnzako wakale.

Tiphunzitse chiyani

Kafue ndi malo a sukulu kuyambira kale. Harry Mwaanga Nkumbula anaphunzira pa Kafue Training Institute ya mishoni ya Methodist, imene lero ndi Kafue Boys. Kuyambira mu 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka kumapeto kwa sekondale, makalasi adzaza, ndipo palibe malo ena amene angasonkhanitse ana ochuluka chonchi. Ubwino wake ndi wakuti phunziro ili silifuna chipinda cha makompyuta kapena malaiti a ZESCO. Choko ndi bolodi zikwana.

Ife tikanakonda liyambire kunyumba. Mwana apatsidwe homuweki yokafunsa ambuya kapena asikulu za chitupa ndi za reji yawo yoyamba: ankalembapo ndani, ankawerenga ndani, ankapindula ndani. Akabwera ndi mayankho, mphunzitsi alembe mafunso omwewo pa bolodi n'kuika dzina la app iliyonse imene anawo ali nayo, n'kuwonjezera funso limodzi: adzasunga mpaka liti? Mwana amene wamva kuchokera kwa ambuya ake mmene zinkawawira kuimitsidwa pamsewu chifukwa cha pepala sangaone ngati nthabwala app ya tochi ikamapempha kudziwa kumene iye ali.

Kenako pabwere zogwirika. Mwana adziwe kuti SIM yake ili m'dzina la yani, ndipo akatenga reji asaibwereke munthu kuti akalembetsere nambala, ngakhale amulonjeze ya tokotaimu. PIN ya mobile money siuzidwa chibwenzi, ndipo manambala 6 amene WhatsApp imatumiza polowa sapatsidwa aliyense, ngakhale wopemphayo alembe ngati mnzako amene umamudziwa. WhatsApp ili ndi njira yoikira PIN yachiwiri, ndipo kuitsegula sikutenga nthawi yoposa yowiritsa madzi a tiyi. Akalowa pa Facebook pa foni yobwereka, atulukemo asanabweze. Akamagulitsa foni, afufute zonse n'kuchotsa memory card. Akasiya nambala, aichotse pa maakaunti ake onse, chifukwa makampani amapereka manambala akale kwa anthu ena, ndipo mwini watsopano akhoza kulandira makodi olowera. Reji, chiphaso cha mayeso ndi tikiti ya ulendo sizijambulidwa n'kuikidwa pa status. Kamodzi pa temu, mwana alembe dzina lake pa Google, ayang'ane mapositi ake akale ngati mlendo amene akufuna kumulemba ntchito, n'kuchotsa zimene angathe. Kuchotsa sikufafaniza zonse, koma kumachepetsa ozipeza.

Gawo lovuta kwambiri ndi la mapazi a ena. Theka la zimene zili pa intaneti zokhudza munthu sanaziike yekha. Mnzako akagona m'kalasi pakamwa pali pululu, akagwa m'matope pothamangira basi, akalakwitsa Chingerezi, foni yako ili ndi mphamvu yomusandutsa choseketsa cha tauni yonse kwa zaka. Mwambo wofunsa kuti "ndiike?" usanaike chithunzi cha munthu uyenera kukhala wamba ngati kunena odi pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mwambo umenewu ukhudze akuluakulu omwe: kholo limene limaika chithunzi cha mwana akusamba, mphunzitsi amene amaponya mayina ndi malikisi a kalasi yonse m'gulu la makolo, mpingo umene umajambula ana ovutika pofuna chithandizo. Ana amaona zimene timachita kuposa zimene timalemba pa bolodi.

Tiwapatsenso kothawira. Mwana amene akuopsezedwa kuti chithunzi chake chifalitsidwa akapanda kutumiza ndalama amakhala chete chifukwa amaopa chikwapu kuposa wachifwambayo. Ngati yankho lathu loyamba ndi kumulanda foni ndi kumukalipira, mawa sadzatiuzanso. Adziwe kuti asalipire, asunge umboni, ndipo auze munthu wamkulu amene amamukhulupirira, kaya ndi aphunzitsi a uphungu kusukulu kaya ndi azakhali. Nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere, ndipo iyenera kulembedwa pakhoma la kalasi iliyonse.

Pomaliza, pali msampha umodzi umene tiyenera kuulewa. N'zosavuta kuti phunziro ili lisanduke lakuti "khalani chete". Mwana akamva za mnyamata wa ku Kapiri akhoza kuganiza kuti nzeru ndi kusakamba za msewu woipa, za madzi amene sakutuluka pampopi, za mtsogoleri amene waiwala malonjezo. Kuphunzitsa zotere kungakhale kunyoza agogo athu amene anatentha zitupa masana anthu akuona. Iwo sanabisale. Ankadziwa chimene akuchita, ankadziwa mtengo wake, ndipo anasankha. Chimene tikufuna ndi mwana wosiyanitsa kudzudzula ndi kutukwana, wotsimikiza nkhani asanaifalitse, wolemba zimene angathe kuzivomereza pamaso pa anthu kuti ndi zake. Mapazi abwino nawonso amatsata munthu. Mtsikana amene amaika zithunzi za zovala zimene wasoka, mnyamata amene amajambula mmene amakonzera mafoni, kalabu ya sayansi imene imaonetsa ntchito yake, onsewa akudzilembera okha kalata ya umboni imene agogo awo sanaloledwe kudzilembera.

Agogo athu ankanyamula pepala lolembedwa ndi ena, ndipo litawakwana analiponya pamoto. Ana athu akulemba lawo okha tsiku ndi tsiku, koma osunga ali ku Lusaka, ku California ndi m'mafoni a anzawo, kumene moto sufika. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukadzaitanidwa temu ikubwerayi, pakati pa nkhani ya madesiki ndi ya zimbudzi, wina wa ife aimirire n'kupempha ola limodzi pa mwezi loti ana akambirane zimenezi. Aphunzitsi akasowa nthawi, tilipo ife amene tinalowa pa Facebook yaulere mu 2014 popanda wotiuza kanthu. Tikudziwa pamene pali minga, ndipo ang'ono athu akubwera m'njira yomweyo.